PHUNZIRO 6: NKHASI M'DZIWE LA NSOMBA

Phunziro ili lakonzedwera akhristu a m'miphakati ya m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe, kuchokera cha ku Mitundu ndi ku Mlale mpaka ku Nathenje, makamaka iwo amene anakumba maiwe a nsomba m'madimba mwao kapena ali m'kalabu yoweta nsomba. Wotsogolera ayambe ndi pemphero, kenaka wina awerenge Genesis 1:20-25 ndi Genesis 2:15. Mwerenge pang'onopang'ono kuti ndi agogo omwe amve.

Nkhani yathu ikuoneka ngati yaing'ono. Munthu wakumba dziwe, waikamo mbewu ya nsomba, wakhala akuthira madeya miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku lokolola apeza nsomba zochepa kusiyana ndi zimene anaika, ndipo m'matope atulutsamo nkhasi ziwiri kapena zitatu. Achite nazo chiyani? Funso limeneli lili ndi mbali ya ulimi, koma lilinso ndi mbali ya malamulo a dziko ndi ya chikhristu chathu, pakuti pa kanyama kameneka anthu amafika pothira mankhwala m'madzi a mudzi wonse, ena amafika potchulana mbava ndi mfiti.

Nkhasi si fulu

Ana ambiri a masiku ano amasokoneza nyama ziwirizi. Fulu, amene ena amati kamba, amakhala kumtunda, chigoba chake nchotukuka ngati chipande chovundikira, ndipo amadya udzu, masamba ndi bowa. Sadziwa kukhala m'madzi. Mwana amene watola fulu n'kukamuponya m'dziwe poganiza kuti akumubwezera kwao akhoza kumupha. Nkhasi chigoba chake nchaphwatalala, zala zake nzolumikizana ndi kachikopa ngati za bakha, ndipo zili ndi zikhadabo. Nkhasi za m'madambo mwathu muno zikaopsedwa sizibweza mutu molunjika monga achitira fulu, koma zimapinda khosi cham'mbali n'kulibisa pansi pa chigoba. Ukaigwira imatulutsa fungo loipa kwambiri, ndipo imaluma. Ku nyanja ya Malawi ndi ku mtsinje wa Shire kulinso nkhasi ina yaikulu ya chigoba chofewa, koma imeneyo si imene imativuta m'maiwe a kuno.

Nanga nkhasi imalowa bwanji m'dziwe limene munakumba nokha ndi makasu anu, pamalo pamene kale panali pouma? Yankho lake nlosavuta. Madzi akaphwa m'dambo mu Seputembala ndi Okutobala, nkhasi imadzikwirira m'matope n'kugona momwemo mpaka mvula yoyamba. Mvula ikangogwa imadzuka, ndipo imayenda pamtunda, nthawi zina mtunda wautali ndithu, kufunafuna madzi okhazikika. Ikapeza dziwe lanu, lomwe lili ndi madzi chaka chonse ndiponso chakudya cha tsiku ndi tsiku, ikhaliranji kwina? Yaikazi imakumba kadzenje m'dothi pafupi ndi madzi, n'kuikiramo mazira 10 kapena kuposerapo, n'kukwirira. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu ana amatuluka okha n'kulunjika kumadzi. Ichi nchifukwa chake dziwe limene chaka chatha munali nkhasi imodzi, chaka chino mupezeka tiana tambiri, popanda munthu aliyense woziikamo.

Kodi imadyadi nsomba?

Inde, imadya. Tisanamizane pamenepa pofuna kuikomera. Koma tione bwino nsomba zimene imatha kugwira. Nkhasi imadya mbululu, nkhono, nkhanu, tizilombo ta m'madzi, mphutsi za udzudzu ndi chilichonse chakufa chimene chagwera m'dziwe. Nsomba yaikulu yathanzi, monga chambo kapena makumba a msinkhu wa chikhatho, imathamanga kuposa nkhasi. Zimene imagwira kawirikawiri ndi tiana ta nsomba, nsomba yodwala, yovulala, kapena imene yakodwa mu ukonde ndi m'mono. Imadyanso nawo madeya amene mwathirira nsomba zanu.

Pali kusiyana kwina kumene mlimi ayenera kudziwa. Chambo ndi makumba, yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa mwake mpaka titakhwimako. Chilunguni sichitero. Icho chimaikira mazira m'chisa pansi, pamalo osaya, n'kumalondera. Tsono dziwe la chilunguni, ndi kadziwe kakang'ono kolereramo mbewu, ndiwo malo amene nkhasi ikhoza kuononga zenizeni. M'dziwe lalikulu la makumba okhaokha, momwe nsomba zimaswana mopitirira muyeso mpaka kumapinimbira chifukwa chothinana, nkhasi imodzi kapena ziwiri sizingakusaukitseni. Ine ndimaona kuti pamenepo mlimi angathe kungoisiya.

Chimene chimachitika nthawi zambiri nchakuti nkhasi imasenza mlandu wa anzake chifukwa ndi yokhayo imene imapezeka m'matope tsiku lokolola. Katumbu amabwera usiku ndipo angathe kutha nsomba zikuluzikulu m'masiku ochepa. Chizindikiro chake ndi mitu ya nsomba ndi ndowe za mamba pakhoma la dziwe. Ng'azi imadya nsomba, komanso imafukula mazira a nkhasi yomweyo. Nantchengwa ndi kakowa amatola tiana m'mbali mosaya m'mawa uliwonse. Mlamba umalowa ndi madzi a mvula kudzera mu ngalande yopanda sefa, ndipo mlamba umodzi waukulu umameza mbewu yambiri kuposa nkhasi. Ndiye palinso ife eni ake. Tikathira manyowa ochuluka, madzi amasowa mpweya wabwino usiku, ndipo m'bandakucha mudzaona nsomba zikuyasama pamwamba pa madzi. Mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira, nsomba sizidya kwenikweni ndipo sizikula. Nsomba ikafa ndi zimenezi, nkhasi imabwera kudzadya mtembo, inu n'kuipeza ili pomwepo. Mboni yapezeka pamaliro, basi yasanduka wakupha.

Njira zoyenera

Mlimi ali ndi ufulu woteteza chuma chake. Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime, ndipo kulima kumafuna kutchinga. Koma m'ndime yomweyo ya Genesis ntchito yolima yaikidwa pamodzi ndi ntchito yosunga. Njira zimene alangizi a za nsomba amaphunzitsa zimakwaniritsa ziwiri zonsezi, ndipo sizifuna ndalama zambiri.

Tchingani dziwe ndi mpanda wothithikana wa bango kapena nsungwi, wofika m'bondo kapena kupitirirako, ndipo tsinde lake likwiriridwe m'dothi kuti nyama isadzere pansi. Nkhasi imakwera, choncho mpandawo uweramire kunja pang'ono. Paipi kapena ngalande yolowetsa madzi ndi yotulutsa madzi zikhale ndi sefa ya waya wa timaso ting'onoting'ono. Tchetchani udzu pamakoma. Ngati nkhasi zalowa kale, kumbukirani kuti zimakonda kuothera dzuwa. Imikani m'madzi dengu lakuya kapena chimgolo chobooledwa, mlomo wake utatulukira pamwamba pang'ono, n'kutsamiritsa thabwa kuti nkhasi ikwerepo. Ikadzidzimuka imagwera m'katimo. Msampha uliwonse wa nkhasi ukhale ndi malo opumira, chifukwa nkhasi imapuma mpweya monga ife, ndipo mu mono womira wonse imafa. Muziuyendera tsiku lililonse. Mukakolola nsomba zonse, phwetsani dziwe, lisiyeni liume mpaka matope ang'ambike, ndipo fufuzani m'matopemo. Nkhasi zimene mwapeza zitengereni kumtsinje kapena kudambo la madzi osaphwa, kutali ndi maiwe. Musakazitaye pafupi ndi dziwe la mnzanu. Igwireni cha kumbuyo kwa chigoba, ndipo mukamaliza sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya, chifukwa nyama za mtundu umenewu zimanyamula tizilombo totsekula m'mimba.

Njira yoletsedwa

Pali anthu ena amene akakwiya amathira katupe m'dziwe, kapena mankhwala a mbewu otsala ku dimba la tomato ndi kabichi, kapena aja ophera makoswe ogulidwa pamsika. Amati bola zonse zife ndiyambirenso. Abale anga, apa ndi pamene nkhani ya munthu mmodzi imasanduka nkhani ya mudzi wonse. Madzi a m'dziwe lanu sakhala m'dziwe lanu mokha. Amatsikira m'ngalande, amalowa pansi n'kukatulukira pachitsime cha m'dimba la mnzanu, pamene ng'ombe zimamwa ndi pamene amayi amachapa. Nsomba yofa ndi mankhwala mwana amaitola n'kukaotcha. Madzi akatayika saoleka.

Lamulo losamalira ndi kuyendetsa za nsomba limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 1997 linaletsa kupha nsomba ndi mankhwala aululu. Lamulo la za madzi la 2013 ndi lamulo la za chilengedwe la 2017 onse akuletsa kuipitsa madzi. Pamwamba pa onsewa pali Malamulo Aakulu oyendetsera dziko lino, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994 titachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Ndime 13 ikulamula boma kusamala chilengedwe, kuti anthu akhale pamalo aukhondo, kuti mibadwo ya m'tsogolo isalandidwe gawo lake, ndiponso kuti mitundu yosiyanasiyana ya zamoyo za m'dziko muno isungidwe. Zindikirani kuti ndimeyi siinasankhe njovu ndi mikango zokha zimene alendo amadzaona. Nkhasi ya m'dambo la kwanu ili momwemo.

Za kugulitsa nyama zakuthengo tinenepo mwachidule. Lamulo la malo osungirako nyama la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafuna chilolezo kwa munthu wosunga kapena wogulitsa nyama zotetezedwa, ndipo zilango zake nzowawa. Wina akabwera m'mudzi kufuna kugula afulu, nkhasi kapena zigoba zake, musathamangire ndalamazo. Yambani mwafunsa ku ofesi yoona za nyama zakuthengo ku Lilongwe.

Mlendo woopsa kwenikweni

M'maiko ena, monga ku Japan, ku America ndi ku South Africa, anthu opeza bwino amakumba kadziwe kuseri kwa nyumba n'kuikamo nsomba zamawangamawanga, zofiira, zoyera ndi zachikasu, zotchedwa koi. Sazidya, amangoziyang'ana. Nawonso amadandaula nkhasi zakuthengo zikalowa m'kadziwe kao n'kuyamba kuluma zipsepse za nsombazo. Dandaulo lao ndi la kukongola, lathu ndi la ndiwo ndi fizi ya ana. Koma ndatchula koi pa chifukwa china.

Koi ndi mtundu umodzimodzi ndi nsomba ija imatchedwa kapu, kungoti alimi a ku Niigata ku Japan anaisankha mibadwomibadwo kuti ikhale ya maonekedwe okongola. Kapu anabwera naye kuno ku Malawi mu 1976 kuchokera ku Israel kuti alimi aziweta, ndipo ankakula msanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linaletsa kuweta nsombayi m'madera amene madzi ake amathira m'nyanja ya Malawi. Alimi ena anadandaula, ndipo mpaka lero alipo amene amati chiletsocho chinabwezera m'mbuyo ulimi wa nsomba. Dandaulo lao nlomveka. Koma taganizani za kumene madzi athu amapita. Diamphwe amachokera ku mapiri a Dzalanyama, amayenda m'malire a Lilongwe ndi Dedza, n'kukathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima. Dziwe likasefukira mu Febuluwale, nsomba ya m'dimba la ku Nathenje ili kale panjira ya kunyanja. Kapu amafukula matope pansi pofuna chakudya, amadetsa madzi ndi kuononga malo amene nsomba zina zimaikira mazira. M'nyanja yathu muli mitundu ya nsomba yoposa 500, yambiri mwa iyo siipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Anzathu a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania anaona zimenezi ndi maso: nsomba yaikulu yachilendo imene inaikidwa m'nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950 inameza mitundu yambirimbiri ya nsomba za komweko. Ifenso tikudziwa zimene namasupuni, duwa lachilendo lokongola, wachita mu Shire.

Tsono onani kudabwitsa kwake. Nkhasi, imene timaitcha mlendo m'dziwe, ndiyo mwini dambo, tinaipeza. Mlendo weniweni ndi nsomba imene munthu angabwere nayo m'chidebe kuchokera kutali, wina atamuuza kuti imakula msanga. Mbewu ya nsomba muzitenga kumene alangizi akulozerani. Tili ndi mwayi kuti sukulu ya ukachenjede ya Bunda, imene ili ndi gawo lophunzitsa za nsomba, ili pafupi ndi Mitundu pompano, ndipo boma lili ndi malo ake a kafukufuku wa nsomba ku Domasi m'boma la Zomba. Kumbukiraninso kuti mu 2020 matenda a zilonda za nsomba anabuka ku Mchinji n'kufalikira m'madera ena a chigawo chapakati. Kusamutsa nsomba ndi maukonde mwachisawawa ndi njira imodzi imene matenda otere amayendera.

Ndani waba? Ndani watumiza?

Tafika pa mbali imene ikundikhudza kwambiri monga katekisti. Kalabu ikakolola nsomba zochepa, mawu oyamba kutuluka ndi akuti wina amavuula usiku. Maso onse amapita kwa amene dimba lake layandikana ndi dziwe, kapena kwa mnyamata amene sali pantchito. Ndipo nkhasi ikapezeka m'matope, pamamveka manong'onong'o ena oipa koposa: akuti nyamayi siinabwere yokha, wina waitumiza kuti izimukokera nsomba. Amene amatchulidwa si munthu wamphamvu ayi. Amakhala gogo wamasiye wokhala yekha kumapeto kwa mudzi.

Taona kale kuti nkhasi imayenda yokha ndi mvula yoyamba. Palibe chodabwitsa pamenepo. Kuba nsomba kulipodi, sitikukana, ndipo wakuba amasiya zizindikiro zake: mapazi pakhoma, madzi ovunduka m'mawa, mkukuluzi wa ukonde m'matope. Koma kuganizira si umboni. Ndime 42 ya Malamulo Aakulu ikunena kuti munthu woimbidwa mlandu atengedwe ngati wosalakwa mpaka bwalo litamupeza wolakwa. Lamulo la za ufiti la 1911 linaika kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndipo ife akhristu tili ndi lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, loletsa umboni wonama. M'dziko muno agogo aphedwa ndi kuotcheredwa nyumba chifukwa cha mphekesera zimene zinayamba ndi kanthu kakang'ono ngati aka. Mkhristu amene wamva mphekesera yotere n'kungokhala chete, kapena n'kuipititsa kwa wina kuchitsime, wathirako nkhuni pamoto.

Kalabu yanzeru imadziteteza ku mikangano isanayambe. Tsiku loika mbewu, werengani nsomba pamaso pa onse ndipo mlembi alembe m'buku. Lembani amene akuthira chakudya tsiku lililonse, nsomba zakufa zimene mwaona ndi tsiku lake. Kukolola kusachitike popanda mamembala onse kudziwa. Pakabuka kukayikirana, tsatani njira imene Ambuye Yesu anatipatsa pa Mateyo 18:15-17: yambani mwalankhula ndi munthuyo panokha, kenaka ndi mboni, kenaka ku gulu. Zikakanika pitani kwa a nyakwawa. Nkhani ya kuba yokhala ndi umboni ipite ku polisi, osati m'manja mwa anyamata a zibonga.

Chifukwa chake zikuchuluka m'maiwe

Achikulire amene anakulira m'mbali mwa Diamphwe akhoza kutiuza maiwe achilengedwe amene kale sankaphwa, amene lero ndi mchenga. Mitengo ya ku Dzalanyama yapita ndi makala opita mumzinda wa Lilongwe. Talima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, tadula bango, ndipo dothi la m'minda mwathu lakwirira malo akuya. Nyama ya m'madzi ikasowa kwao imapita kumene kwatsala madzi, ndipo kumeneko ndi ku dziwe lanu. Mpanda wa bango uteteza dziwe limodzi, koma kusamala dambo ndi ntchito imene munthu mmodzi sangaithe.

Apa ndi pamene ufulu umene tinaulandira uyenera kugwira ntchito. Lamulo la za nkhalango la 1997 linapereka mpata woti midzi ikhale ndi makomiti ake osamalira zachilengedwe. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linabweretsa mphamvu pafupi ndi anthu, kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, ndi makhansala amene timawasankha. Mudzi ungathe kugwirizana ndi mfumu yake malamulo akeake: kusiya mpata wosalima m'mbali mwa mtsinje, kubzalamo bango, nsungwi ndi mitengo ya m'madzi monga mkuyu ndi katope, kuletsa kutsukira mipope yopoperera mankhwala mumtsinje, kuletsa kuvuula ndi neti za udzudzu. Kodi m'makomiti amenewa akhristu tilimo? Kapena timangodandaulira kunyumba? Ndipo mlangizi wa za nsomba akatha chaka osafika, ndi udindo wathu kukafunsa kwa khansala ndi ku ofesi ya bwanamkubwa. Kufunsa koteroko si chipongwe, pakuti amalipidwa ndi misonkho yathu.

Mpingo sunayambe lero kulankhula za izi. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anatiyendera kuno mu Meyi 1989, anaika Fransisko Woyera wa ku Assisi kukhala nkhoswe ya osamala chilengedwe mu 1979, ndipo uthenga wake wa tsiku la mtendere pa 1 Januwale 1990 unali wa nkhani yomweyi. Papa Fransisko analemba kalata ya Laudato Si' mu 2015, yophunzitsa kuti kuononga chilengedwe kumapweteka osauka poyamba. Ngakhale m'Chipangano Chakale, pa Deuteronomo 22:6-7, Aisraele analoledwa kutenga mazira kapena ana a mbalame m'chisa, koma analamulidwa kusiya make kuti apite. Mulungu sanawaletse kudya. Anawaletsa kudula mbewu.

Zokambirana mu mphakati

Gawanani m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, amayi, abambo ndi achinyamata osakanikirana, ndipo gulu lililonse lisankhe wofotokoza.

1. Achikulire atiuze: ndi nyama ziti za m'madzi zimene zinkapezeka m'dambo lathu iwo ali ana, zimene lero sizioneka? Zinapita kuti?

2. Mnzanu wa m'kalabu wakuuzani mwachinsinsi kuti mawa athira mankhwala m'dziwe kuti aphe nkhasi ndi milamba. Kumunsi kwa dziwelo kuli chitsime cha mabanja anayi. Mutani usiku womwewo? Nanga akakana kumva?

3. Mayi wina wachikulire wa mu mphakati mwathu akunenedwa kuti ndiye watumiza nkhasi m'dziwe la kalabu. Ndani mwa ife ayenera kuyamba kulankhula, ndipo akalankhule kwa yani?

4. Kodi m'mudzi mwathu muli komiti yosamalira zachilengedwe? Tchulani maina a amene alimo ndi tsiku limene anakumana komaliza.

Musanatseke ndi pemphero, sankhani anthu awiri oti akayendere maiwe onse a m'mudzi sabata ino, akaone ngati ali ndi mpanda ndi sefa, ndiponso kumene madzi ake amathira akasefukira. Sankhaninso mmodzi woti akaitane mlangizi wa za nsomba ndi a nyakwawa kuti adzakhale nafe pamsonkhano wotsatira. Mlembi wa kalabu adzabwere ndi buku lake.